Nsapato Siziuma ndi Moto

Ndine wa ku Mvera, koma kumvera ndidakuphunzira mochedwa. Pa moyo wanga ndaotchapo nsapato kawiri: koyamba pa mafuwa a amayi anga, kachiwiri m'makina oumitsira zovala ku Johannesburg. Maulendo onse awiriwo wolipira sindidali ine ayi. Adalipira ndi achimwene anga.

Inu amene mumadutsa pa minibasi popita ku Salima mumaidziwa Mvera ngati malo pamene msewu umayamba kukhotakhota, kutsetsereka kuloza kunyanja. Amene mudaphunzira mbiri ya mpingo mumadziwa kuti ndi pamene A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, amishoni a Dutch Reformed ochokera ku South Africa, adamanga msasa wawo m'dziko la Mfumu Chiwere mu Novembala 1889, n'kuyamba ntchito imene lero ili m'manja mwa Sinodi ya Nkhoma. Koma ife tidakulira kuseri kwa mapiriwo timaidziwa ndi matope ake. Mwezi wa Febuluwale mvumbi ukagwira mapiri a Dowa mpaka ku Ntchisi, pamatha masiku atatu, anayi, dzuwa osaoneka. Chilichonse chimanyowa: machesi, mchere, bulangete, makope a kusukulu. Malaya ukachapa Lolemba, pofika Lachinayi amakhala asanaume, ayamba kale kununkha chuku.

Abambo adali mkulu wa mpingo komanso mlimi wa fodya wa bale, mmodzi mwa alimi ang'onoang'ono amene adaloledwa kulima fodyayu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, poti kale adali wa eni maesiteti okha. Chaka chilichonse mabelo akagulidwa ku okushoni ku Kanengo, pakhomo pathu pankagulidwa nsapato peyala imodzi basi. Anyamata tidalipo awiri, ndiye tinkasinthana: chaka chino mkulu, chaka chamawa wamng'ono. Mu Ogasiti 2000 idali nthawi yanga. Adandigulira makanivasi oyera, a labala pansi, okulirapo pang'ono kuti phazi likuliremo.

Abale, mmene ndinkazikondera nsapato zimenezo! Ndinkavala Lamulungu lokha. Popita ku tchalitchi ndinkazinyamula m'manja, n'kukazivalira kutsidya kwa mtsinje nditatsuka m'mapazi. Loweruka lililonse ndinkazikwecha ndi sopo ndi chitsononkho, kenako n'kuzipaka choko chonyowa chimene ndinkatola pansi pa bolodi m'kalasi, kuti ziyere mbee.

Loweruka lina mu Febuluwale 2001 ndidazichapa ngakhale kunja kudali mvumbi. Mawa lake ana a Sande sukulu tinkaimba m'tchalitchi, ine mzere wakutsogolo. Pofika madzulo nsapato zidali zikudonthabe. Abambo adaziona.

"Kaziike m'chigafa," adatero. "Zikapanda kuuma upita osavala. Mulungu sayang'ana kuphazi."

Mulungu sayang'ana kuphazi, inde, koma atsikana a Sitandade 5 ankayang'ana. Usiku onse atagona ndidanyang'ama, kupita kuchigafa, kutenga nsapato zanga, kukalowa nazo m'khitchini. Makala otsala pophika nyemba adali akadali psuu. Ndidaika imodzi pa fuwa ili, ina pa fuwa ilo, n'kukhala pansi kuti ndizizitembenuza. Kamoto kaja kadandikomera. Tulo sitiodira.

Adandidzutsa ndi achimwene, atamva fungo ngati la tayala lopsa. Labala yense adali atasungunuka. Yakumanzere idali itapindika ngati tsamba louma la nthochi. Yakumanja idabooka kutsogolo, chala chachikulu n'kumatulukira.

M'mawa abambo adaziika pakhonde n'kutiitana tonse awiri.

"Waika nsapato pamoto ndani?"

Ine duu, maso pansi. Ndidali ndi zaka 11, achimwene 15.

"Ndine, abambo," adatero achimwene. "Ndimafuna kumuthandiza mwanayu."

Abambo adatiyang'ana nthawi yaitali. Sadathyole mkwapulo. Adangoti tiwatsate kuchigafa. Amene simudachione chigafa, ndi chisakasa chachitali cha denga la udzu, chopanda makoma. M'menemo mudali masamba oyamba a chaka chimenecho, osokedwa, olendewera pa mikangala, ena akadali obiriwira, ena ayamba kufiira.

"Fodya uyu mukumuonayu, wamusonkhera moto ndani?" adafunsa. "Wa chikopa ndiye wa utsi. Uyu wake ndi mthunzi ndi mphepo, milungu ingapo. Ukamufulumiza, ku Kanengo amakubwezera. Chinthu chilichonse chili ndi kaumidwe kake."

Tsiku limenelo ndidaimba mzere wakutsogolo osavala.

Fodya atagulidwa mu 2001 idali nthawi ya achimwene. Tidapita tonse atatu ku sitolo. Tisanalowe, abambo adaima pakhomo n'kufunsa: "Alipo amene ali ndi mawu?" Ine ndidayang'ana mbuzi zimene zinkadutsa pamsewu. Achimwene adayang'ana kumwamba. Abambo adalowa, n'kutuluka ndi makanivasi a saizi yanga.

"Wootcha nsapato za mnzake amabweza," adatero.

Chaka chotsatira mukuchidziwa. Njala ya 2002 itafika, anthu kwathu ankadya gaga ndi zitsa za nthochi, ndipo nkhani ya nsapato sidamvekenso pakhomo la munthu aliyense. Achimwene adasiya sukulu n'kuyamba maganyu. Nsapato zotsatira adadzigulira okha ali ndi zaka 19.

Ine ndidapitirira. Sekondale, kenako dipuloma ya utolankhani mu mzinda. Mbali ina ya fizi idachokera ku marandi a achimwene, amene mu 2012 adalowera ku Joni, njira yomweyo imene agogo athu adayenda m'masiku a Wenela. Iwowo sadapite ku migodi. Adapeza ntchito panyumba ina ku Randburg: poyamba maluwa ndi udzu, kenako kukolopa, kuchapa, kusita, mpaka kuphika.

Mu Disembala 2019 ndidakwera basi ku Lilongwe kupita kukawaona, kudzera pa Dedza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, masiku awiri matako ali pampando. Ndinkafuna kulemba za Amalawi ogwira ntchito m'nyumba za eni, komanso mkonzi wina ku Braamfontein adali atavomera kuona zolemba zanga. Kuphazi ndidali ndi nsapato zothamangira zoyera, za pa kaunjika koma zooneka ngati za m'sitolo, zokhala ndi chizindikiro chotchuka pambali. Abwana a achimwene ndi banja lawo adali atapita kunyanja ku Durban kukadya Khirisimasi. Ine ndinkagona pansi m'kachipinda ka achimwene kuseri kwa galaja.

Mvula ya ku Joni si mvumbi wa kwathu. Imabwera masana ndi ziphaliwali, nthawi zina ndi matalala, n'kuthira madzi a sabata yonse m'ola limodzi. Idandipeza nditangotsika minibasi. Pofika kunyumba nsapato zidali zitasanduka zofiira, zikulira fwa, fwa ndikaponda. Ndidazichapa madzulo omwewo. Kukumana ndi mkonzi kudali 9 koloko m'mawa.

Achimwene adali atapita ku msonkhano wa gulu lawo lothandizana pa maliro, n'kundisiyira makiyi kuti ndipatse agalu chakudya. M'chipinda chochapira ndidali nditawaona kale makinawo, amene iwo amangoti dryer, atakhala pambali pa makina ochapira ngati mapasa. Ambiri a ife makina otere timangowaona pa kanema, ndipo n'zosadabwitsa: kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse m'Malawi ndiwo ankaunikira magetsi, ndipo makinawa amadya magetsi osati masewera. Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta. M'kati muli mgolo wachitsulo umene umazungulira. M'mbali mwa mgolowo muli timizati ta pulasitiki tonyamula zovala n'kuzigwetsa, kunyamula n'kuzigwetsa, uku mpweya wotentha ukuuzira, madzi n'kumatuluka ngati nthunzi. Ukaika potentha kwambiri, kutentha kwake kumatha kupitirira madigiri 60.

Ndidaima pamenepo n'kudziuza kuti: munthu wa dipuloma, Chingerezi ndimawerenga, ndakatulo zanga zidamvekapo pa wailesi, makina a mabatani anayi angandikanike? Ndidaponyamo nsapato, kupotokola kabatani mpaka kumapeto kwenikweni, n'kudina.

Gu! Gu! Gugudu! Gu! Ngati amayi awiri akusinja mtondo umodzi mosamvana. Agalu adayamba kuuwa. Munthu wanzeru akadazimitsa pomwepo. Ine ndidangotseka chitseko cha chipindacho kuti phokoso lisamveke kwa aneba, n'kupita kukasita malaya.

Patatha theka la ola ndidamva phwa! kenako zii. Ndisanatsegule chitseko, fungo lidandiuza zonse. Lidali fungo lija la m'khitchini ya amayi mu 2001. Nsapato imodzi idali itamenya chitseko cha makina mpaka kutseguka, ili gone pansi, yayasama ngati mlamba. Inzake idali m'kati, yopindika. Mgolo wonse udali ndi mizere yakuda ya guluu, ndipo kamzati kamodzi ka pulasitiki kadali katang'ambika pakati.

Pambuyo pake ndidadzamvetsa chimene chidachitika. Nsapato zothamangira za masiku ano zambiri sizisokedwa pansi ngati zachikopa za makolo athu. Nsalu ya pamwamba, siponji ya pakati ndi labala wa pansi zimagwirana ndi guluu. Kutentha kumafewetsa guluuyo ndi kukwinyitsa siponji, ndipo mgolo ukamazungulira nsapato imamenyedwa kambirimbiri guluu ali wofewa. Kunena mwachidule, ndidaikanso nsapato pa mafuwa, kungoti ulendo uno mafuwawo ankamenyanso.

Achimwene adafika cha m'ma 9 usiku. Adanunkhiza ali pakhomo.

"Mphwanga, watani?"

Sindidayankhe. Adalowetsa mkono mu mgolo, kusisita mng'alu uja ndi chala, n'kukhala pa ndowa yovundikira. Padatenga nthawi asanalankhule.

"Zaka 6 ndagwira ntchito pano," adatero. "Malaya anga sanalowepo m'makina awa ngakhale kamodzi."

Zidali zoona. Zovala zawo ankayanika pa waya kuseri kwa galaja, ngati kumudzi. Palibe adawaletsa ndi pakamwa. Wantchito wa m'nyumba amadziwa malire ake asanauzidwe, ndipo ntchito yake imakhala pa chinthu chimodzi: kuti abwana akhoza kusiya makiyi, n'kupita ku Durban, osayang'ana m'mbuyo.

Kenako, osakweza mawu, adandiphunzitsa zimene ndikadafunsa masana. Adatsitsa pa shelefu kathandala ka waya kamene amakakoleka m'kati mwa mgolo kuti nsapato zikhale pamenepo phee, osazungulira. Adandionetsa kuti ngati kathandala palibe, umamanga zingwe za nsapato zonse ziwiri mfundo imodzi, n'kupanitsa mfundoyo kunja potseka chitseko, kuti nsapato zilendewere m'kati osagunda mgolo. Adandionetsa batani la mpweya wozizira, wopanda moto. Adati uyambe wachotsa kansalu kopondapo ka m'kati, ndipo zachikopa usayerekeze n'komwe. Umo ndi mmene ankaumitsira nsapato zamasewera za ana a abwana pakakhala changu.

"Koma ngakhale apo, ine ndimakonda nyuzipepala," adatero. "Kuipinda, kuilowetsa m'kati, ikanyowa kusintha ina, nsapato n'kuika podutsa mphepo. Ukadangofunsa, mphwanga."

Safunsa adadya phula. Ine wa dipuloma sindidaganizeko kuti munthu amene adalekera sukulu pa njira angadziwe kanthu za makina kuposa ine, chikhalirecho ndiye ankawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku.

Ndidati ndiwauza ndekha abwanawo kuti wolakwa ndine.

"Iwe ndiwe ndani kwa iwo?" adafunsa achimwene. "Adandilola kuti ugone kuchipinda kwanga, osati ulowe m'nyumba mwawo. Ukati ndiwe, milandu ikhala iwiri."

Ndidamvetsa. Mapepala awo adali osalongosoka, monga a anzathu ambiri kumeneko. Miyezi itatu yokha m'mbuyomo, mu Sepitembala 2019, anthu obwera adali atathamangitsidwa ndi kuotcheredwa masitolo m'madera ena a Johannesburg. Pa geti lililonse pamagogoda anyamata ofuna ntchito. Ndipo pa ntchito imeneyo padatsamira amayi, alamu anga ndi ana awiri ku Mvera.

Usiku womwewo adaimbira foni adona ku Durban, ine ndili chilili pambali. Ndidamva m'Chingerezi mawu omwe aja ndidawamva m'Chichewa pakhonde la abambo: ndine. Adati nsapato zawo zidanyowa, adayesa kuziumitsa, makina aonongeka, akonzetsa ndi ndalama zawo. Kumbali inayo kudakhala chete pang'ono, kenako mawu ozizira. Ntchito sidathe. Koma wokonza atabwera n'kusintha kamzati kaja ndi loko wa chitseko, adatenga ndalama ya Khirisimasi imene achimwene adasungira feteleza wobereketsa wa amayi. Chaka chimenecho chimanga cha kumunsi kwa munda wathu chidakula chachikasu, ndipo nkhokwe idatha msanga.

Kwa mkonzi uja ndidapita nditavala nsapato za ku tchalitchi za achimwene, zazikulu, nditaika pepala kutsogolo. Munthuyo sadayang'ane kuphazi kwanga ngakhale kamodzi. Adandipatsa mphindi khumi, nati andilembera. Mpaka lero.

Pa basi yobwerera ndidali ndi masiku awiri oganiza. Kodi ndinkathamangira chiyani? Sikuti ndinkaopa chimfine. Ndinkaopa kuoneka. Ife a m'tauni tikudziwa kuti mlonda wa pa ofesi amayamba wayang'ana nsapato asanayang'ane nkhope, ndipo wa nsapato zamatope amadikira pabenchi nthawi yaitali kuposa mnzake. Zimenezo sindikutsutsa. Koma manyazi ndi moto woipa: amakuuza kuti chinthu chofuna masiku awiri chitheke usiku umodzi. Timakongola kuti tioneke pa ukwati, timagula foni ya malipiro a miyezi itatu, timati zonse zili bwino. Ndipo kawirikawiri kuwala kwathuko alipo wina akukulipira mwakachetechete, kumudzi kapena ku Joni, amene nsapato zake sitidaziyang'anepo.

Ndalama ya feteleza ndidabweza pang'onopang'ono, kuchokera pa tindalama ta nkhani zogulitsa ku nyuzipepala. Idanditengera zaka ziwiri. Ngongole inayo ndidali ndisanaigwire.

Achimwene adabwera kumudzi mu Januwale 2023, koyamba chichokere mliri wa Covid-19. Abambo adali atatisiya kale mu 2014. Tidapita kukaona manda, mvumbi n'kutipeza konko, ndipo pobwera nsapato za achimwene zidali matope okhaokha. Atavula pakhonde ndidazitenga osanena kanthu. Ndidazitsuka, kuchotsa zingwe ndi tinsalu ta m'kati, kung'amba nyuzipepala imene ndidabwera nayo, momwe mudali ndakatulo yanga, n'kuikanyiza m'kati. Mwa ntchito zonse zimene ndakatulo zanga zagwirapo, imeneyo ndiyo ndikutha kuiloza ndi chala. Ndidakaziika m'chigafa chakale cha abambo. Fodya tidasiya, masiku ano timalima soya, koma denga lilipo ndipo mphepo imadutsabe.

Madzulo tili m'khitchini, amayi akusadzula nkhwani, ndidayamba.

"Amayi, nsapato zija za kale, zija zidapsa pano..."

"Udaotcha ndiwe," adatero, osadzutsa mutu.

Ndidangoti kakasi.

"Mapazi ako a matope adali poyera, kuchokera kuchigafa mpaka pa mafuwa apa. Bambo ako adawaona m'mawa asanakuitaneni. Adadikira miyezi isanu ndi umodzi kuti unene wekha. Pa sitolo paja ukadatsegula pakamwa, nsapato zidali za mkulu wako."

"Nanga bwanji adalanga achimwene, akudziwa?"

"Mkulu wako adalangidwa chifukwa cha bodza. Iwe chilango chako chidali kuzivala."

Ndidatembenukira kwa achimwene. Mawu ndidali nawo ambiri, okonzedwa bwino, monga munthu wodya za cholembera. Onse adathawa.

"Achimwene, pepani."

Iwo adasonkhezera chikuni, n'kuyang'ana kunja kumene mvula inkawaza.

"Mapepala aja wasintha? Akanyowa sakokanso madzi."

Ndidatenga tochi n'kupita kukasintha. Ndidasinthanso m'mawa, ndi madzulo ake. Kawiri konse ndidadutsa nazo m'maganizo pafupi ndi moto wa amayi, poti achimwene ankafuna kupita ku Dowa kukaona anzawo, koma sindidazisunthe. Iwo adadikira atavala patapata, akusewera bawo ndi ana awo pakhonde.

Nsapatozo zidauma tsiku lachitatu, zili bwinobwino.